Jan Smuts: ankamvera chisoni Ajeremani, anansi ake ayi

Nkhondo ikatha, ogonja saitanidwa kudzakambirana, amaitanidwa kudzasaina. Jan Smuts wa ku South Africa ankazidziwa bwino zimenezi chifukwa anakhalapo mbali zonse ziwiri za tebulo, ndipo n'chifukwa chake moyo wake umandipatsa chidwi ngakhale kuti munthuyo sindimukonda.

Anabadwa pa 24 Meyi 1870 pafamu ina pafupi ndi Riebeek West ku Cape. Sukulu anayamba mochedwa, ali ndi zaka 12, koma mutu unali wakuthwa moti anakafika ku Cambridge kukaphunzira zamalamulo. Ali ndi zaka 28 zokha, Paul Kruger anamuika kukhala loya wamkulu wa boma la Transvaal. Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itabuka mu 1899, loya uja anavula mkanjo n'kukwera hatchi, kumatsogolera asilikali obisalira adani m'mapiri a ku Cape.

Mabunu anagonja. Pa 31 Meyi 1902 anavomera pangano la ku Vereeniging, ndipo Smuts anali mmodzi mwa amene anakonza mawu ake. Angerezi sanawafinye kwambiri: analonjeza mapaundi 3 miliyoni okonzera zowonongeka komanso kuti adzawalola kudzilamulira, zomwe zinachitikadi patatha zaka pafupifupi zisanu. Smuts anatolapo phunziro loti mdani ukamugwetsa usamupondenso pakhosi. Koma m'pangano lomwelo munali ndime yonena kuti nkhani ya voti ya anthu akuda idikire kaye mpaka azungu atayamba kudzilamulira. Mtendere wa azungu awiriwo unagulidwa ndi ufulu wa munthu wachitatu amene sanali m'chipindamo. Ndimeyi musaiiwale.

Pankhondo yoyamba ya padziko lonse, Smuts anali atasanduka bwenzi la Angerezi. Mu 1915 iye ndi Louis Botha analanda South West Africa, Namibia ya lero, m'manja mwa Ajeremani. Mu 1916 anapatsidwa udindo wotsogolera nkhondo ya ku German East Africa polimbana ndi Paul von Lettow-Vorbeck. Iyi ndi nkhondo ija agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, imene inatenga asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga miyandamiyanda a ku Nyasaland, kusenza katundu pamutu kudutsa ku Karonga, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Smuts anachoka kumeneko kumayambiriro a 1917 Lettow-Vorbeck asanagwidwe, n'kupita ku London komwe anamulandira ngati ngwazi.

Msonkhano wa mtendere unatsegulidwa ku Paris pa 18 Januwale 1919. Mayiko anabwera ambiri, koma zenizeni zinkagamulidwa ndi amuna anayi: Woodrow Wilson wa ku America, David Lloyd George wa ku Britain, Georges Clemenceau wa ku France ndi Vittorio Orlando wa ku Italy. Ajeremani anaonetsedwa chikalatacho pa 7 Meyi chitalembedwa kale, n'kuuzidwa kuti madandaulo awo alembe papepala, zokambirana pamasom'pamaso palibe. Anawalanda madera ena, anawalanda atsamunda awo onse, asilikali awo anawachepetsa kufika pa 100,000, ndipo ndime 231 inawasenzetsa udindo wa zonse zimene nkhondo inawononga.

Smuts zinamuwawa. Analembera Lloyd George ndi Wilson makalata owachenjeza kuti pangano lotere likubzala nkhondo ina, ndipo anafika poopseza kuti sasaina. Pakati pa opambana onse aja, iye ndi Botha ankadziwa mmene munthu amamvera akamapatsidwa cholembera ndi mdani. Apa ndimamuvulira chipewa, chifukwa patapita zaka 20 nkhondo ija inabweradi.

Komatu munthu yemweyu ndi amene anakulitsa ngongole ya Ajeremani. Nkhondo inaphwasula midzi ya ku France ndi Belgium, pomwe ku Britain nyumba zambiri zinali chilili. Akanati chipepeso chikhale cha katundu wowonongeka yekha, Angerezi akanalandira zochepa. Ndiye Smuts, poti anali loya, analemba chikalata chonena kuti penshoni ya asilikali olumala ndi ya akazi amasiye nayonso iwerengedwe ngati zowonongeka. Wilson anavomera. Mu 1921 ngongoleyo inaikidwa pa mamaki agolide 132 biliyoni. Pa 28 Juni 1919 ku Versailles, mkulu uja ankati sasainayu anasaina, kenako n'kutulutsa chikalata chodandaula. Eti kuwonjezera nkhuni pamoto n'kumadandaula utsi.

Kumene ndimamupeza wolakwa kwenikweni ndi pankhani ya atsamunda. Mu Disembala 1918 anatulutsa kabuku kofotokoza mmene bungwe la League of Nations lingayendere, ndipo Wilson anatengamo zambiri. M'kabukumo munali ganizo loti madera otsala opanda mwini maufumu atagwa aziyang'aniridwa ndi dziko lina m'malo mwa bungwelo mpaka atakhwima. Koma Smuts ankanena za ku Ulaya ndi ku Middle East basi. Za ku Africa ankafuna kuti wolanda atenge ndithu, poti kwa iye anthu akumeneko anali osatsungula. Wilson atakana, anagwirizana zogawa maderawo m'magulu atatu, A, B ndi C. South West Africa inaikidwa m'gulu C, kutanthauza kuti South Africa iziilamulira ndi malamulo ake ngati chigawo chake chomwe. Tanganyika inapita kwa Angerezi, Rwanda ndi Burundi kwa Abelijiyamu, ndipo Apwitikizi anapatsidwa kadera ka Kionga kumpoto kwa Mozambique. Kodi pali mfumu ya Aherero kapena ya Wahehe imene inafunsidwa? Nthumwi za South African Native National Congress, kuphatikizapo Sol Plaatje, zinapita ku London chaka chomwecho kukadandaula, n'kubwerako chimanjamanja.

Botha atamwalira mu Ogasiti 1919, Smuts anakhala nduna yaikulu. Pa 24 Meyi 1921, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, apolisi anapha anthu oposa 160 a mpingo wa Enoch Mgijima ku Bulhoek chifukwa chokana kuchoka pamalo. Chaka chotsatira, Abondelswarts a ku South West Africa atakana msonkho wa agalu, boma linawatumizira ndege zoponya mabomba, n'kupha oposa 100. Awa ndi anthu aja anapatsidwa kuti awalere. Chifundo chimene ankapemphera Ajeremani chinali chitathera ku Paris.

Anagwa pachisankho cha 1924, anabwereranso mu 1939 n'kulowetsa dziko lake m'nkhondo yachiwiri kumbali ya Angerezi. Mu 1945 ku San Francisco, ali nkhalamba ya ndevu zoyera, anathandiza kulemba mawu oyamba a chikalata chokhazikitsa United Nations, aja amakamba za ufulu wachibadwidwe ndi ulemu wa munthu aliyense. Ine ndimakhulupirira kuti ankalemba ndi mtima wonse, kungoti m'mutu mwake mawu oti munthu aliyense anali ndi mpanda.

Mlandu suwola. Mu 1946 ku New York, Vijaya Lakshmi Pandit wa ku India anaimirira n'kugwiritsa ntchito chikalata chomwecho kutsutsa mmene South Africa inkazunzira Amwenye, ndipo mayiko ambiri anamuvomereza. Dr A.B. Xuma wa ANC naye anali komweko kuuza nthumwi zimene zinkachitika kwawo, kumene apolisi anali atangothyola sitalaka ya anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni mu Ogasiti. Pempho la Smuts loti South West Africa iphatikizidwe ku South Africa linakanidwa. Tsopano m'chipindamo munali anthu amene ku Vereeniging ndi ku Paris kunalibe.

Kwawo, azungu anzake ankamuona ngati wofewa pa nkhani ya khungu, ndipo mu 1948 anavotera D.F. Malan amene anabweretsa apartheid. Smuts anamwalira pa 11 Sepitembala 1950 pafamu yake ku Irene, pafupi ndi Pretoria. Namibia inadikira mpaka pa 21 Malichi 1990 kuti ichoke m'gulu C lija. Bwalo la ndege la ku Johannesburg linkadziwika ndi dzina lake mpaka 1994, ndipo kuyambira 2006 amene mumapita ku Joni pandege mumatera pa O.R. Tambo.