Mbiri ya malemu Edward Nkoloso, mphunzitsi yemwe ankafuna kutumiza anthu kumwezi

Malemu Edward Mukuka Nkoloso anabadwa m'chaka cha 1919 kumpoto kwa dziko la Northern Rhodesia, lomwe lero ndi Zambia. Iwo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo atabwerera kwawo anakhala mphunzitsi komanso mmodzi mwa omenyera ufulu m'chipani cha UNIP.

M'chaka cha 1960, a Nkoloso anakhazikitsa sukulu ya sayansi ndi kafukufuku wa zamlengalenga, n'cholinga choti dziko lawo lifike kumwezi mayiko a America ndi Soviet Union asanafikeko. Pofika 1964 anali akuphunzitsa achinyamata pafamu ina kunja kwa mzinda wa Lusaka. Ophunzirawo ankalowetsedwa mumgolo n'kugubuduzidwa pachitunda kuti azolowere zokhoma za ulendowo.

Mkuluyu anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanalandire kanthu. Boma la Zambia nalo silinavomereze ntchitoyo, ndipo chombo chawo, D-Kalu 1, sichinanyamuke. Ambiri anawaseka, koma kukana kwa boma kunachititsa kuti pasakhale wachinyamata wokwera chombo chosayesedwa.

Mayiko olemera, omwe anali ndi ndalama ndi akatswiri, anataya miyoyo pantchito yomweyi. Pa 27 Januwale 1967, anthu atatu anapsa m'chombo cha Apollo 1 chikuyesedwa pansi, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Vladimir Komarov wa ku Soviet Union anafa parachuti ya Soyuz 1 italephera kutambasuka. Pa 28 Januwale 1986, chombo cha Challenger chinasweka ndi kupha anthu asanu ndi awiri. Komiti yofufuza ngoziyo inadzudzula akuluakulu a bungwe la NASA chifukwa chombocho chinanyamuka ngakhale mainjiniya anali atachenjeza za kuzizira kwa tsikulo.

Maloto akumwezi atatha, a Nkoloso anatumikira boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda pothandiza magulu omenyera ufulu a mayiko oyandikana nawo, ndipo mu 1983 analandira digiri ya zamalamulo ku University of Zambia. Iwo anamwalira pa 4 Marichi 1989.

Mbiri yawo imakumbutsa kuti pantchito yonyamula miyoyo ya anthu, pafunika wina wokhala ndi mphamvu zoletsa ulendo pamene chitetezo chikukayikitsa.