David Livingstone, Mlendo Amene Anadutsa m'Chigwa cha Gowa

Chakumpoto kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi Kandeu, kuli chigwa cha Gowa. Kumadzulo kwa chigwachi kuli mtandadza wa mapiri ataliatali. M'chaka cha 1863 anthu a m'chigwa chimenechi anaona mlendo wachizungu akudutsa wapansi pamodzi ndi amtengatenga ochepa. Mlendoyo ankaimaima panjira, kufunsa maina a mitsinje ndi mapiri, ndi kulemba zonse m'kabuku. Dzina lake linali David Livingstone.

Livingstone anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'dziko la Scotland. Makolo ake anali osauka. Motero ali ndi zaka 10, msinkhu wa ambiri a inu, anayamba ntchito m'fakitale yopota thonje. Ankalowa ntchito 6 koloko m'mawa ndi kuweruka 8 koloko usiku. Akaweruka ankapita kusukulu ya usiku kwa maola awiri. Ngakhale pantchito pomwe ankatsamiritsa buku pamakina kuti aziwerenga pang'onopang'ono. Atakula anaphunzira udotolo ku Glasgow ndi ku London, nalowa m'bungwe la amishoni la London Missionary Society.

M'chaka cha 1841 anafika ku South Africa. Masiku amenewo kunalibe galimoto kapena misewu ya phula. Iye anakwera ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, nayenda masabata ambiri mpaka anafika ku mishoni ya Kuruman. Pambuyo pake anakakhala miyezi isanu ndi umodzi pakati pa Atswana, popanda mzungu mnzake, kuti aphunzire chilankhulo ndi miyambo yawo. Anazindikira kuti mlendo sangalidziwe dziko ngati sakumva zimene eni ake akunena. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndipo Livingstone anali munthu wofunsa. M'chaka cha 1844 mkango unamgwira pa Mabotsa, numuphwanya mkono wamanzere. Mkonowo sunakhalenso ndi mphamvu monga kale, koma iye sanaleke kuyenda. Chaka chotsatira anakwatira Mary Moffat, mwana wa mmishoni wa pa Kuruman.

Ulendo umene unamtchukitsa unayamba m'chaka cha 1853. Sekeletu, mfumu ya Amakololo, anampatsa amuna 27 kuti amperekeze kumadzulo kukafuna njira yotulukira kunyanja yaikulu ya mchere. Anayenda pamabwato, wapansi ndiponso pamsana pa ng'ombe. Mvula inawavumba, malungo anamgwira Livingstone kambirimbiri, koma m'mwezi wa Meyi 1854 anafika ku Luanda, m'dziko la Angola. Kumeneko Amakololo aja anaona zodabwitsa. Anaona nyanja yopanda tsidya, nyumba zosanja ndi sitima zazikulu zapamadzi. Anapeza ganyu yotsitsa malasha m'sitima, ndipo ndi malipiro awo anagula nsalu ndi mikanda yoti akaonetse kwawo.

Ku Luanda Livingstone anapatsidwa mwayi wokwera sitima kubwerera kwawo, pakuti anali atafooka ndi matenda. Iye anakana, chifukwa anali atalonjeza kuti adzawabwezera Amakololo aja kwa mfumu yawo. Tsono anabwerera nawo njira yonse ija. Atafika anayambanso ulendo wotsata mtsinje wa Zambezi kulowera kum'mawa. M'mwezi wa Novembala 1855 eni dziko anamtenga pabwato kukamuonetsa mathithi aakulu a Mosi-oa-Tunya, dzina lotanthauza utsi wogunda ngati bingu. Iye anawatcha Victoria Falls, koma dzina la eni ake silinafe. M'chaka cha 1856 anafika ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, atadutsa Africa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa.

Kuno kwathu Livingstone anafika m'chaka cha 1859. Anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert mpaka pamathithi a Kapichira. Kuchokera pamenepo anayenda wapansi. M'mwezi wa Epulo anaona nyanja ya Chilwa, ndipo m'mwezi wa Seputembala anafika panyanja ya Malaŵi. Tisaganize kuti iye ndiye anaitulukira nyanjayi. Makolo athu anali kuwedza nsomba m'menemo kuyambira kalekale, ndipo ndiwo ankamlondolera njira.

Pofika pamudzi, Livingstone ankayamba wakalonjera kwa mfumu ndi kupempha malo ogona. Chakudya ankagula ndi nsalu kapena mikanda. Usiku ankayang'ana nyenyezi ndi chipangizo chake kuti adziwe pamene wafika, kenaka ankajambula mapu. M'mabuku ake analemba za luso la Amang'anja. Anaona minda ya mapira, chimanga, nyemba ndi thonje. Anaona amuna akupota thonje ndi kuomba nsalu, ndiponso ng'anjo zosungunulira chitsulo chosulira makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Zolemba zakezo zimatithandiza kudziwa mmene makolo athu ankakhalira zaka zoposa 160 zapitazo.

Koma anaonanso zomvetsa chisoni. M'njira ankakumana ndi magulu a akapolo, amuna atamangidwa magoli m'khosi, akazi ndi ana atalumikizidwa ndi zingwe. M'mwezi wa Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, iye ndi anzake anamasula akapolo 84. Chaka chotsatira mkazi wake Mary anamwalira ndi malungo pa Shupanga, m'mbali mwa Zambezi.

M'chaka cha 1863 boma la Britain linamlembera kalata kuti abwerere. Koma madzi mu Shire anali atachepa, ndipo sitima yake sikanatha kuyenda mpaka mvula itagwa. Livingstone sanafune kungokhala. M'mwezi wa Ogasiti ananyamuka wapansi kulowera kumpoto kuti akaone kumene akapolo ankachokera. Anafika kumtsinje wa Rivirivi, kenaka analowa m'chigwa cha Gowa. Nthawi imeneyo Angoni a Maseko anali asanakhazikike ku Ntcheu. Mapiri a kumadzulo aja anamkondweretsa, ndipo dzina la Kirk Range, limene mumaliona pamapu, linachokera kwa mnzake wapaulendo, Dotolo John Kirk.

Atapitirira chigwacho anapeza midzi yozingidwa ndi malinga chifukwa cha nkhondo. Ku Nkhotakota anakumana ndi Jumbe, napeza anthu akukhoma chombo choolotsera akapolo kutsidya la nyanja. Anakwera kumtunda mpaka ku Kasungu kwa Mwase, nabwerera kusitima yake m'mwezi wa Novembala.

M'chaka cha 1866 anadutsanso m'dziko lathu paulendo wake wotsiriza. Kumwera kwa nyanja anafika kwa mfumu Kimsusa, imene inamlandira ndi chakudya chambiri. Amuna a pamudzipo atachita mphwayi kumsenzera katundu, akazi a mfumuyo ndiwo anasenza mitoloyo, ndipo amuna aja anachita manyazi. Livingstone anakweranso mapiri a Kirk Range, napitirira kulowa m'dziko limene tsopano ndi Zambia. Ankafuna kupeza gwero la mtsinje wa Nile, koma sanalipeze. Kwa zaka zingapo abale ake sanamve za iye, kufikira Henry Morton Stanley anakampeza ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, m'chaka cha 1871.

Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 pamudzi wa Chitambo, ku Zambia. Anzake apaulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo. Chuma anali Myao amene anamasulidwa ku ukapolo ali mnyamata m'chaka cha 1861. Anthuwa anaumika thupi lake padzuwa, nalisenza miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere. Palibe amene anawakakamiza. Munthu amene anasunga lonjezo lake kwa Amakololo anapeza anthu omsungira ulemu atafa. Anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey, mu mzinda wa London, pa 18 Epulo 1874.

Zimene analemba zinawafika pamtima anthu a kwawo. Patangopita masabata ochepa chimwalirire iye, msika waukulu wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear, ndipo m'chaka cha 1876 ena anayambitsa mishoni ya Blantyre, naitcha dzina la mudzi umene iye anabadwira. Amishoniwa anatsegula sukulu ndi zipatala. Komabe njira zimene Livingstone anajambula zinadutsanso anthu ena ofuna minda ndi ulamuliro, ndipo m'chaka cha 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Angelezi kufikira 1964.

Mwina tsiku lina inunso mudzayenda kumaiko akutali. Galimoto idzakufikitsani tsiku limodzi pamene Livingstone ankayenda mwezi wathunthu. Mukadzafika kumeneko, mudzalonjere eni dziko, mudzafunse maina a zimene mukuona, ndipo mudzazilembe kuti anzanu otsala kumudzi adzaphunzirepo.

Mafunso

1. Kodi chigwa cha Gowa chili m'boma liti, ndipo Livingstone anadutsamo chaka chiti?
2. Chifukwa chiyani Livingstone anakakhala yekha pakati pa Atswana?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene Amakololo anaona ku Luanda.
4. Chifukwa chiyani Livingstone anakana kukwera sitima ku Luanda?
5. Fotokozani ntchito ziwiri za luso zimene anaona pakati pa Amang'anja.
6. Kodi Susi ndi Chuma anachita chiyani Livingstone atamwalira?
7. Funsani agogo anu maina a mapiri ndi mitsinje ya kwanu, ndipo mulembe matanthauzo ake.