Gustave Le Gray, Wojambula Amene Analumikiza Nyanja ndi Thambo

Makamera a m'zaka za m'ma 1850 anali ndi vuto lalikulu: nyanja ikaoneka bwino pachithunzi, thambo linkangoyera mbee, mitambo osaoneka. Gustave Le Gray, yemwe anabadwira ku Villiers-le-Bel m'dziko la France mu 1820, anapeza njira yake. Ankajambula kawiri, nyanja payokha, thambo palokha, ulendo uliwonse n'kulowetsa kuwala koyenerana ndi mbaliyo, kenaka n'kusindikiza zithunzi ziwirizo papepala limodzi. Umu ndi mmene anapangira chithunzi chotchuka cha funde lalikulu ku Sète mu 1857. Nzeru yomweyi ndi imene HDR ya m'mafoni amakono imatsatira.

Koma lusolo silinamuthandize kubweza ngongole. Mu 1860 anachoka ku Paris, kusiya mkazi ndi ana. Anakakhazikika ku Cairo, kumene ankaphunzitsa kujambula pamanja, ndipo anamwalirira komweko mu 1884.