MBIRI YA BWANA JOHN BUCHANAN NDI ABALE AKE KU ZOMBA

Alendo amene amafika ku Zomba amaonetsedwa nyumba yakale ya Masongola, imene ili m'tsinde mwa phiri pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, nauzidwa kuti m'menemo ndimo munakhala Kazembe wa Angerezi pamene Boma lawo linalikuyamba m'dziko muno. Koma ndi owerengeka amene amafunsa za munthu amene anamanga nyumbayo. Iye sanali msilikali kapena mbusa, ndiponso sanabadwire m'banja la anthu olemera. Anali mnyamata wosamala minda ya maluwa ndi zipatso, wochokera m'kamudzi ka ku Scotland, dzina lake John Buchanan. Iye pamodzi ndi abale ake awiri anakhala kuno zaka zosaposa 20, koma zimene anachita pa nkhani ya mbewu, pa nkhani ya Boma, makamaka pa nkhani ya malo, zinakhudza makolo athu kwa zaka zambiri banjalo litatha kale. N'chifukwa chake tayesa kuti nkoyenera kuwafotokozera awerengi athu mbiri yake, zokoma ndi zowawa zomwe.

KWAO KU MUTHILL

John Buchanan anabadwa m'chaka cha 1855 ku Muthill, mudzi waung'ono wa alimi ndi amisiri m'chigawo cha Perthshire, pafupi ndi tauni ya Crieff. Kufupi ndi mudziwo kuli nyumba yaikulu yotchedwa Drummond Castle, imene minda yake ya maluwa ndi yotchuka, ndipo kumeneko ndiko mnyamatayu anaphunzira ntchito yake. Masiku amenewo mwana wa munthu wamba wa ku Scotland analibe chiyembekezo chakuti adzakhala ndi malo akeake, popeza dziko lambiri linali m'manja mwa mabanja ochepa. Iye akadakhala kwao, akadakalamba alikulima m'munda wa munthu wina. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti ikutithandiza kumvetsa njala ya malo imene inaoneka mwa iye atafika kuno.

Dr. David Livingstone atamwalira m'chaka cha 1873, mipingo ya ku Scotland inatsimikiza mtima kutumiza anthu ku dziko la Nyanja. A mpingo wa Free Church anayamba ntchito ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ndipo a Church of Scotland anatsatira m'chaka cha 1876. M'gulu lachiwirili munali Buchanan, ali ndi zaka 21, wolembedwa ngati mlimi wa mishoni. Malo anali atasankhidwa ndi Henry Henderson mothandizidwa ndi Tom Bokwito m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo pa 23 October, 1876, mishoni ya Blantyre inakhazikika.

MLANDU WA CHIKOTI

Zaka zoyamba za mishoniyo sizinali zonyaditsa. Gululo linalibe mbusa kufikira m'chaka cha 1878 pamene Rev. Duff Macdonald anafika, ndipo ambiri mwa Azunguwo anali amisiri achinyamata osadziwa malamulo kapena miyambo ya eni dziko. Popeza anthu othawa ukapolo analikusonkhana pa mishoni, amisiriwo anadziyesa mafumu, nayamba kuweruza milandu ndi kulanga anthu ndi chikoti. Munthu wina anakwapulidwa mpaka kufa, wina anawomberedwa ndi mfuti atamuganizira kuti anapha mkazi. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaona zina mwa izi, nalemba kabuku koulula zonse m'chaka cha 1880.

Mpingo unatumiza anthu awiri kudzafufuza, ndiwo Alexander Pringle ndi Rev. Dr. James Rankin. Chodabwitsa nchakuti Dr. Rankin anali mbusa wa ku Muthill komweko, kotero kuti Buchanan anaimirira pamaso pa mbusa wa kwao kuyankha mlandu wochitikira kutali chotere. Mapeto ake anali akuti m'chaka cha 1881 Macdonald, Buchanan ndi George Fenwick anachotsedwa ntchito, ndipo mishoni inaperekedwa m'manja mwa Rev. David Clement Scott, amene anaiyendetsa m'njira yatsopano. Macdonald anabwerera kwao. Fenwick anasanduka mlenje ndi wamalonda, napha mfumu Chipatula ya Amakololo m'chaka cha 1884, iyenso naphedwa. Buchanan yekha ndiye anatsala nakhazikika.

BANJA LISONKHANA PANSI PA PHIRI

Asanachotsedwe ntchito, Buchanan anali atatumidwa kukatsegula munda wa mishoni ku Zomba. Awerengi asaganize za Zomba wa masiku ano. Nthawi imeneyo kunalibe tauni, kunalibe msewu, koma midzi ing'onoing'ono ya Ayao ndi Anyanja yomwazikana m'mphepete mwa phiri, pansi pa mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. Anthu analikukhala mwamantha chifukwa cha malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni, amene anafika m'mapiri a Shire m'chaka cha 1884. Koma maso a mlimi anaona chimene ena sanachisamale: nthaka yachonde, mphepo yozizira bwino, ndi madzi a Mulunguzi osaphwa ngakhale m'chilimwe.

Tsono m'malo mobwerera ku Scotland ndi manyazi, iye anabwerera ku Zomba ngati mlimi woima payekha, naitana abale ake David ndi Robert kuti adzamthandize. Atatuwa anakhazikitsa kampani yotchedwa Buchanan Brothers. Umu ndi mmene mabanja ambiri a ku Scotland anachitira m'maiko ena: mmodzi atsogola, napeza pokhala, naitana anzake a bere limodzi. Kusiyana kwake nkwakuti kuno kunalibe Boma la Azungu lowagawira malo, ndipo zonse zinatsamira pa kumvana ndi mafumu.

Mbewu imene inawatukula inali khofi. Mbande zoyamba zinafika ku Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku munda wa mitengo wa ku Edinburgh, zitanyamulidwa ndi Jonathan Duncan, ndipo mwa zitatu imodzi yokha ndiyo inaphuka. Kuchokera ku mtengo umenewo kunatuluka mbewu imene Buchanan anabzala ku Zomba. Analimanso mizimbe napanga shuga, nayesanso fodya wogulitsa kunja, amene anayamba kutumizidwa ku Ulaya m'chaka cha 1893. Anchito anachokera m'midzi yozungulira, ena anachokera kutali monga Atonga a ku nyanja ndi Angoni, ndipo malipiro ao anali nsalu. M'chaka cha 1885 anasindikiza buku lofotokoza mapiri a Shire ngati dziko loyenera mishoni ndi alimi achizungu, ndipo bukulo linakopa ena kubwera.

Panalinso ntchito ina imene anaichita mosaonetsera. Monga munthu wokonda zomera, anasonkhanitsa masamba ndi maluwa a m'nkhalango zathu, nawatumiza kwa akatswiri a ku Kew ku England. Chifukwa cha ichi mitengo ingapo inatchedwa dzina lake m'mabuku a sayansi. Mtengo waukulu uja wa mkweranyani umalembedwa Newtonia buchananii kufikira lero.

MLIMI ASANDUKA KAZEMBE

Pamene Kazembe A. G. S. Hawes anasankha Zomba kukhala malo ake, Buchanan ndiye anammangira nyumba ya Masongola m'chaka cha 1886. Hawes atachoka, udindo wogwirizira ukazembe unagwera mlimi yemwe uja anachotsedwa pa mishoni, pakuti panalibe Mzungu wina wodziwa dziko ndi mafumu ake monga iye. Ntchitoyo sinali yopepuka. M'chaka cha 1888 anapita kwa mfumu Makanjira kum'mawa kwa nyanja pamodzi ndi Rev. W. P. Johnson wa mishoni ya U.M.C.A., ndipo anthu a mfumuyo anawagwira, nawavula zovala, namkwapula Buchanan. Amene anakwapula anzake ku Blantyre analawa yekha kuwawa kwake.

Chaka chachikulu pa moyo wake chinali 1889. Apwitikizi, amene analikunena kuti dziko lonse la Shire ndi lao, anatumiza Major Serpa Pinto ndi asilikali ambiri kukwera ndi mtsinjewo. Harry Johnston, amene anatumidwa ndi Boma la Angerezi, anali atapitirira kumpoto kukapangana ndi mafumu, namsiya Buchanan kuti ayang'anire za kum'mwera. Poona kuti Apwitikizi salikubwerera, Buchanan analengeza m'mwezi wa September kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria. Mkangano unakula mpaka mu January 1890, pamene Boma la ku London linalamula Apwitikizi kuti achotse asilikali ao, ndipo iwo anamvera. Buchanan anapatsidwa ulemu wa C.M.G. chaka chomwecho. M'chaka cha 1891 dziko lonse linalengezedwa kuti lili pansi pa Angerezi, Johnston anakhala ku Masongola, ndipo Zomba anakhala likulu kufikira m'chaka cha 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe.

Tinene poyera kuti pochita ichi Buchanan analikutetezanso minda yake, pakuti Apwitikizi akadalanda dzikolo, mapangano ake a malo akadakhala pangozi. Koma nzoonanso kuti pakadapanda chilengezo chimenecho, mwina Blantyre ndi Zomba akadakhala mbali ya Mozambique.

NKHANI YA MALO

Tsopano tafika pa mutu umene uli wolemera koposa. Abale atatuwa anatenga malo ambiri, ku Zomba ndi m'madera ena a mapiri a Shire, posinthana ndi nsalu, mfuti ndi tinthu tina tochepa. Apa panali kusamvana kwakukulu. Mwa mwambo wathu mfumu siigulitsa dziko, koma imalola mlendo kukhala ndi kulima, ndipo chimene mlendo apereka ndi mphatso ya ulemu. Mwa lamulo la Angerezi pepala lokhala ndi chidindo cha mfumu linatanthauza kuti malowo apita mpaka muyaya. Buchanan anali atakhala pakati pa anthu zaka zambiri, kotero nkovuta kukhulupirira kuti kusiyana kumeneku sanakudziwe.

Kuyambira m'chaka cha 1892 Johnston anapenda zonena za Azungu onse, napereka makalata otsimikiza umwini otchedwa Certificates of Claim. Malo a Buchanan Brothers anaposa maekala 167,000, kotero kuti mwana wa ku Muthill uja anakhala mmodzi wa eni malo aakulu koposa m'dziko. M'makalata ambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Koma makolo athu analikusintha minda nthaka ikaguga, nasunthanso midzi, ndipo eni malo a m'mbuyo mwake ananena kuti amene wasuntha wataya chitetezo chija. Alomwe ochokera ku Mozambique, amene anafika ambiri pambuyo pake, analibe chitetezo ndi pang'ono pomwe. Motero mawu okoma akuti thangata, amene kale anatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira pokhala.

KUTHA KWA BANJA

Mwini wake sanaone zonsezi. M'mwezi wa March 1896, ali pa ulendo wopita ku Scotland, anadwala malungo namwalira ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, ali ndi zaka 40 zokha. Abale ake nawonso sanafike pa ukalamba, ndipo chisanakwane chaka cha 1900 onse atatu anali atapita. Khofi amene anamdalira anagwa patangopita zaka zochepa, chifukwa cha tizilombo, kuguga kwa nthaka, ndi kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil kumene kunatsitsa mtengo. Malo ao analowa m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa Limited, imene inatembenukira ku fodya ndi tiyi.

Buchanan anasiya mkazi ali ndi pakati, ndipo mwana wamwamuna anabadwa m'chaka chomwecho cha 1896, osaona nkhope ya atate wake. Anatchedwa John Cecil Rankin Buchanan, kotero dzina la mbusa wa ku Muthill linaonekanso m'banjamo. Mwanayo anakhala dokotala, anasewera mpira wa rugby m'timu ya Scotland, anagwira ntchito m'maiko angapo olamulidwa ndi Angerezi, nafika pa udindo wa mkulu wa madokotala mu ofesi yoyang'anira maikowo ku London. Anamwalira m'chaka cha 1976.

Banja linachoka, koma mapepala a malo anatsala. Madandaulo a thangata anali pakati pa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915, ngakhale kuti nkhondoyo inagwera pa malo a A. L. Bruce ku Magomero osati a Buchanan. M'chaka cha 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo, nalangiza Boma kuti ligule malo osalimidwa ndi kuwabwezera kwa anthu. Thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, patapita zaka 66 chimwalirire Buchanan.

Akulu akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Buchanan kanameta bwino, pakuti kanatipatsa mbewu zatsopano ndi mzinda wa Zomba. Koma kanatemanso, ndipo bala lake linachedwa kupola. Aphunzitsi amene amapita ndi ana kukaona Masongola achita bwino kuwafotokozera mbali zonse ziwiri. Ndipo a m'maofesi amene amasunga mabuku a malo akumbukire kuti pepala limene lisainidwa tsiku limodzi, eni ake osalimvetsa, likhoza kusautsa adzukulu osabadwa.