MBUSA JOHN CHILEMBWE NDI AMPHAWI A M'MINDA YA AZUNGU

Amayi anzanga a Mvano, poyendera odwala ndi amasiye m'midzi yozungulira Luchenza timamva anthu ena akunena kuti umphawi ndi ulesi basi. Ine mawu amenewa amandiwawa, pakuti mayi wothyola tiyi amadzuka tambala woyamba, dengu kumsana, mvula ili pamutu, koma pakutha pa mwezi ufa sukwanira. Tsono m'buku lathu lino la chikumbutso ndafuna kulemba za mbusa amene analingalira za nkhaniyi agogo athu ali ana.

A John Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishoni wina, a Joseph Booth, ndipo anabatizidwa mu 1893. Mu 1897 anapita nawo ku America kumene anaphunzira za ubusa mumzinda wa Lynchburg. Pobwerako mu 1900 anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene tonse timangoti PIM.

Poyamba Abusawo anakhulupirira kuti mankhwala a umphawi ndi sukulu, khama ndi ukhondo. Anatsegula masukulu m'midzi, analima munda wa mishoni, anaphunzitsa anthu kuleka mowa ndi kuvala bwino. Za ife amayi sanaiwale ai. Mayi wina wakuda wa ku America, a Emma DeLany, anafika mu 1902 nayamba kuphunzitsa atsikana ndi amayi kusoka, ndipo atachoka iwo ntchitoyo anaipitiriza Mayi Busa, a Ida Chilembwe. Ife tikamasonkhana ndi singano ndi tizigamba tathu tisamayese kuti zinayamba ndi ife. Mu 1913 anatsiriza kachisi wamkulu wa njerwa, womangidwa ndi manja a Akhristu eni ake.

Koma khama lokha linalephera, ndipo chifukwa chake chinali malo. M'zaka za m'ma 1890 Boma la Atsamunda linapatsa Azungu makalata a umwini wa malo akuluakulu ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi kuno ku Thyolo, malo amene ena anawagula kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda. Munthu anangozindikira kuti pamudzi pamene anakwirira makolo ake pasanduka pa mwini wake. Anzathu Achilomwe, pothawa nkhanza za Apwitikizi, anafikiranso m'minda yomweyo opanda pena pogwira. Lendi yake inali thangata: mwezi umodzi kugwirira ntchito malo, mwezi wina kugwirira msonkho, ndipo akapitawo ankatalikitsa miyeziyo monga anafunira. Choipitsitsa n'chakuti thangata ankaifuna nthawi ya dzinja, pamene munthu ayenera kupalira chimanga chake. Nanga nkhokwe idzadzala bwanji mwini wake akupalira thonje la wina? Njala ikabwera, munthu yemweyo ankabwereranso kwa bwana kukapempha ganyu, ndipo mwana wake, wosapita kusukulu, ankalowa m'goli lomwelo. Umphawi unkayenda chotero, kuchoka kwa kholo kunka kwa mwana. Ine ndikamawerenga za munda wa Naboti m'Buku Lopatulika ndimakumbuka zimenezi.

Pafupi ndi Mbombwe panali minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Woyang'anira wake, a William Jervis Livingstone, sankalola masukulu m'mindamo, ndipo timatchalitchi ta udzu timene Akhristu a PIM anamanga ankatitentha. Kenaka kunagwa njala ya 1912 ndi 1913, msonkho osaleka. Nkhondo ya 1914 itabuka, a Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi ndiwo akutengedwa kukafa pa nkhondo ya eni chuma, ndi kusiya akazi ndi ana amasiye pa usiwa. Boma silinamvere.

Usiku wa pa 23 January 1915 anthu awo anaukira. Azungu atatu anaphedwa, mmodzi mwa iwo a Livingstone, koma akazi ndi ana awo sanawapweteke. Pano mtima wanga umagawanika. Monga Mkhristu sindingayamike kukhetsa mwazi, ndipo m'nyumba zimenezo munatsalanso amasiye. Komabe sindingathe kuweruza mopepuka munthu amene anayesa sukulu, pemphero ndi kalata zonse n'kukanika. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 February 1915 cha ku Mulanje akuthawira ku malire. Otsatira awo ambiri anaphedwa, ena anaponyedwa m'ndende, ndipo kachisi uja anamgwetsa. Mishoniyo inatsegulidwanso mu 1926 ndi a Dr. Daniel Malikebu.

Thangata sanathe ndi imfa yawo. Mu August 1953 chipolowe chinabuka kuno kwathu, chitayambira pa nkhani ya malalanje pa munda wina pafupi ndi Luchenza, ndipo chitafalikira m'maboma oyandikana anthu 11 anafa. Okalamba athu amati malalanje anali poyambira chabe, mkwiyo weniweni unali wa malo. Lamulo lothetsa thangata linadza mu 1962.

Lero timawakumbukira pa 15 January, ndipo nkhope yawo ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000. Koma mukakwera njinga kuchoka pa Luchenza kulowera ku Thyolo boma, muone mbali iyi tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, mbali inayo timinda ta chimanga tokwera m'zitunda, kamunda kamodzi kogawana ana asanu.