Rudolf Virchow, Dotolo Amene Analondola Njira ya Magazi

Rudolf Virchow anabadwa pa 13 Okutobala 1821, m'tauni yaing'ono ya Schivelbein, imene lero ili m'dziko la Poland. Bambo wake anali mlimi ndiponso msungacuma wa tauniyo. Popeza ndalama zinali zocepa, mu 1839 Rudolf analowa sukulu ya madotolo a asilikali ku Berlin, kumene ankaphunzitsa ulere. Anatsiriza mu 1843, nayamba nchito pa cipatala cacikulu ca Charité.

Masiku amenewo odwala ena ankafa mwadzidzidzi, mpweya utawathera. Madotolo akang'amba mtembo, ankapeza magazi oundana atatseka mtsempha wa m'mapapo. Ambiri ankakhulupirira kuti magaziwo aundana pomwepo cifukwa ca kutupa kwa mtsemphawo.

Virchow sanakhutire. Anapima mitembo yambiri, ndipo anaona kuti kawirikawiri m'mitsempha ya m'mwendo munalinso magazi oundana. Tsono anaganiza kuti kacidutswa kamanyotsoka m'mwendo, kamatengedwa ndi magazi monga cikuni cotengedwa ndi mtsinje, kamadutsa mumtima, n'kukatsakamira m'mapapo. Kuti atsimikize, anaika tizidutswa ta zinthu zosiyanasiyana m'mitsempha ya agalu. Tizidutswato anakatipezadi m'mapapo. Iye ndiye anapatsa matendawa dzina lakuti embolia.

Anafufuzanso cimene cimaundanitsa magazi. Tikatemeka, pabala pamapangika timaulusi tolukana ngati ukonde, ndipo magazi amaleka kutuluka. Cinthu ca m'magazi cimene cimasanduka timaulusito Virchow anacipatsa dzina lakuti fibrinogen.

Lero tikudziwa zambiri kuposa pamenepa. Fibrinogen imapangidwa m'ciwindi. Munthu akavulala, akapsa ndi moto kapena akalowedwa ndi tizirombo ta matenda, thupi limadzuka kuti lidziteteze. Limatentha, ndipo ciwindi cimaculukitsa fibrinogen kwa masiku angapo. Izi zimathandiza kutseka bala, komanso zimacititsa kuti magazi asacedwe kuundana, ngakhale pamalo posafunika.

Madotolo amaphunzira zinthu zitatu zimene zimaundanitsa magazi m'kati mwa mtsempha: kuyenda pang'onopang'ono kwa magazi, kuvulala kwa mtsempha, ndi kusintha kwa magazi enieniwo. Zitatuzi zimadziwika ndi dzina la Virchow. N'cifukwa cake mayi amene wangobereka, kapena munthu amene wacitidwa opaleshoni, amauzidwa kuti asagone masiku ambiri osayendako.

Mu 1848 boma linamutuma ku Upper Silesia, kumene mliri wa typhus unali kupha anthu. Kumeneko anapeza mabanja anjala, okhala mopanikizana m'tinyumba tauve. Ambiri ankalankhula Cipolishi, pamene akuluakulu a boma ankalankhula Cijeremani. Atabwerako analemba kuti mankhwala okha sangathetse mliri. Anati anthuwo afunika cakudya, misewu, ufulu wodzilamulira, ndi sukulu zophunzitsa m'cilankhulo cao. Caka comweco analowa m'gulu la anthu ofuna kusintha boma. Akuluakulu anakwiya naye, ndipo mu 1849 anacoka ku Berlin kupita ku Würzburg.

Anabwerera ku Berlin mu 1856. Mu 1858 anasindikiza buku lake lalikulu lofotokoza kuti matenda amayambira m'maselo, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi. Anathandizanso kuti mzinda wa Berlin ukhale ndi mipope yocotsa madzi oipa. Komabe sikuti zonse anazilondola. Kwa zaka zambiri anakayikira anzake amene ankaphunzitsa kuti tizirombo tosaoneka ndi maso ndito timayambitsa matenda ambiri.

Mu Januwale 1902 anagwa potsika m'sitima ya m'tauni, nathyoka fupa la m'ncafu. Sanacirenso bwino. Anamwalira ku Berlin pa 5 Seputembala 1902, ali ndi zaka 80.

Mafunso

1. Kodi magazi oundana amene ankapezeka m'mapapo ankacokera kuti?
2. Virchow anacita ciani kuti atsimikize maganizo ake?
3. Ndi ciwalo citi cimene cimapanga fibrinogen?
4. N'cifukwa ciani mayi amene wangobereka ayenera kumayendako?
5. Virchow anati anthu a ku Upper Silesia afunika ciani?