John Chilembwe: Zimene Anakaona ku Lynchburg, Anadzazimanga ku Mbombwe

MALOWERA - Anthu a kuno kumalire amene anafikako ku Malawi amaidziwa nkhope ya mbusa John Chilembwe, pakuti ili pa ndalama za kwacha ya dzikolo. Ambiri amawakumbukira nkhondo ya masiku ochepa ya mu 1915. Koma kwa zaka 15 nkhondoyo isanachitike, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali ya sukulu, ndipo nzeru yake anakaitenga kutsidya kwa nyanja.

A Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. M'chaka cha 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wachingerezi Joseph Booth, amene anawatenga pa ulendo wa ku America mu 1897. Kumeneko mipingo ya Baptist ya anthu akuda inawalandira, niwatumiza kukaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College, mu mzinda wa Lynchburg.

Sukuluyi sinali yotchuka kapena yolemera. Chodabwitsa chake chinali eni ake. Inamangidwa ndi anthu akuda, ambiri a iwo obadwira mu ukapolo kapena ana a akapolo, ndi ndalama zosonkha m'matchalitchi mwawo. Mkulu wake, a Gregory Hayes, anali munthu wakuda, ndipo pa zaka zomwezo anali pa mkangano ndi bungwe la amishonale achizungu lomwe linkathandiza sukuluyo. Bungwelo linkafuna kuti popeza likupereka ndalama, lizilamuliranso. A Hayes ndi owatsatira anasankha kutaya thandizolo kuti sukulu ikhale m'manja mwa eni ake. Mnyamata wa ku Chiradzulu, amene kwawo sukulu iliyonse imene ankaidziwa inali pansi pa mzungu, anaziona zonsezi ndi maso ake.

Anabwerera kwawo mu 1900 atadzozedwa ubusa. Ndi thandizo la National Baptist Convention anagula malo a maekala 93, ngati mahekitala 38, ku Mbombwe, nakhazikitsa Providence Industrial Mission, imene anthu amangoti PIM. Ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Chingerezi, komanso kulima ndi kuumba njerwa. Akazi awo, mayi Ida, ankaphunzitsa atsikana ndi amayi kusoka, mothandizana ndi mayi Emma DeLany, mmishonale wakuda wochokera ku America. Pofika 1912, sukulu za PIM zinali ndi ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu 800. Mu 1913 anatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Nkhaniyi ikukhudzanso Mozambique. Ambiri mwa anthu ozungulira Mbombwe anali Alomwe amene anawoloka malire pothawa chibalo, msonkho wa Apwitikizi ndi njala. Atafika anapeza malo okhala pa minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene lendi yake inali thangata: kulima thonje ndi fodya wa mwini munda kwa miyezi, popanda malipiro enieni. Anathawa goli lina nagwera m'goli linzake. Eni mundawo sankafuna sukulu pa malo awo, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: wantchito wodziwa kuwerenga masiku amene walima savuta kufunsa mafunso. Anthu a PIM atamanga tinyumba ta udzu topemphereramo ndi kuphunziriramo, woyang'anira munda, William Jervis Livingstone, anatitentha.

Ngongole zinachuluka, a Chilembwe anayamba kudwala mphumu, ndipo nkhondo ya 1914 itayamba boma la Angerezi linatenga anthu akuda kukamenya ndi kukasenza katundu. Pa 23 Januwale 1915 anthu awo anaukira minda ya azungu, ndipo Livingstone anaphedwa. Kuukirako sikunapite patali. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi cha ku Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique. Ndi tsiku lomwelo la mwezi limene a Eduardo Mondlane anadzaphedwa ku Dar es Salaam mu 1969. Boma linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi mabomba, sukulu zonse nizitsekedwa.

Koma panali mwana mmodzi wa sukulu ya PIM amene anali kutali. Daniel Malikebu anatsatira mayi DeLany ku America, namaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, sukulu inanso yophunzitsa anthu akuda, mu 1917. Boma la Nyasaland linayamba lawakaniza kukhala kwawo, ndipo anakagwira ntchito ku Liberia. Mu 1926 analoledwa kubwerera, natsegulanso PIM pa malo omwewo a Mbombwe, ndipo ana anayambanso kulowa m'kalasi.